Kathumba Nambala 14

Lundazi Boma,
9 Ogasiti 2024

Akulu anga a Manasseh,

Monile kumeneko ku Kitwe. Muli uli inu, alamu a Irene ndi kamwana kathu Watipaso? Ndamva kuti kayamba kuyenda kogwila mipando. Ine m'thupi ndili bwino. Mumtima ndiye ayi, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundipatsa mpata. Lamulungu lija munalankhula nokha mpaka foni kuduka. Ndiye welengani mpaka pansi, mukwiye mutamaliza.

Mwamva kuti Yunike wachititsa manyazi adada pa msonkhano wa alimi ku Mwase. N'zoona, sindikana. Koma amene anakuuzaniyo anayambila pakati.

Chaka chino n'chomaliza ku yunivesite, ndipo aliyense ali ndi kafukufuku wake. Mnzanga wina akuyeza madzi a m'zitsime, wina akulemba za nyimbo za pamalilo. Ine ndinasankha chuku cha nsawa. Chukucho chimasiya poizoni wosaoneka ndi maso, wosatha ngakhale mukazinge bwanji. Amadya chiwindi pang'onopang'ono, ana n'kumapinimbila.

Ndinayenda pa njinga makomo makumi anayi, paliponse kutapa nsawa zodzaza manja awili. Pa kathumba kalikonse ndinalemba nambala, osati dzina, chifukwa lamulo la kafukufuku limati za pakhomo pa munthu siziululidwa. Kwathu ndinatapanso. Amama anaseka, ati nditape zambili, aphunzitsi anga akaone mmene anthu amalimila.

Zotsatila zitabwela kuchokela ku labu, ndinayamba kuwelenga manambala. Koipitsitsa pa tonse kanali kathumba nambala 14. Ndinatsegula kope langa la manambala ndi maina katatu, akulu, kuganiza kuti mwina maso akundinamiza. Nambala 14 ndi kwathu.

Chifukwa chake inunso mukuchidziwa, munakulila pa mphasa yomweyo. Tisanaswe nsawa timawaza madzi, n'kufunditsa masaka kuti makoko afewe, zala zisapweteke. M'mawa mwake timaswa, n'kuthila m'matumba zisanaumenso. Adada amanyadila kuti pakhomo pawo ntchito yoswa imatha sabata imodzi. Ndiye zosalala zimapita kumsika, zonyala ndi zakuda n'kutsala za nsinjilo zathu. Ife timadya zimene wogula wakana!

Kulakwa kwanga kuli apa, ndipo sindikubisa. Ndinafika kumudzi kutatsala masiku atatu kuti msonkhano uchitike. Tsiku lililonse ndinkati lelo ndiwauza adada, koma ndikawaona akupukuta njinga yawo uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndinkangotembenuka n'kubwelela m'nyumba. Ndinaopa, basi.

Msonkhano unali pa bwalo la sukulu. Adada, monga wapampando wa kopaletivu, anakhala kutsogolo atavala jekete yawo yakuda ija. Ndinafotokoza zonse osatchula dzina la munthu, n'kupempha kuti tileke kuwaza madzi. Adada anaimilila. Anati madziwo makolo awo ankawaza ndipo anafa okalamba. Anati chuku ndi cha makomo a ulesi, kumene nkhokwe imadontha wopanda woifolela.

Akulu, mitu yonse inatembenukila kwa a Justina, amasiye a malemu a Obby aja a kuseli kwa tchalitchi. Mayi wina anakuwa kuti n'chifukwa chake ana a pakhomo pamenepo sakula. A Ezron, mlembi, anati nsawa za a Justina zisalowenso m'matumba a kopaletivu. A Justina anangofunda chitenje kumutu, mapewa akugwedezeka.

Inuyo mukanatani? Ndiuzeni, poti ndinu odziwa ulemu.

Ine ndinati a Justina awasiye, kathumba koipitsitsa n'ka pakhomo pa a wapampando, pomwe ndinabadwila ine. Adada anatola chipewa, n'kukwela njinga osayang'ana munthu. Nditafika kunyumba ndinapeza chikwama changa chili pakhonde, chomanga kale. Ndiye pano ndili kwa azakhali a Belinda, kuseli kwa msika.

Musaganize kuti kusukulu anandiombela m'manja. Aphunzitsi oyang'anila kafukufuku wanga anandikalipila, ati lamulo ndi lamulo, ngakhale khomolo likhale lathu. Andilembetsa kalata yofotokoza ku komiti. Ndalemba, ndavomela, ndipo chilango chikabwela ndichilandila.

Tsono inu mukuti nditenge nkhuku, ndikagwade kwa adada, kenako Lamulungu ndikaimilile m'tchalitchi kunena kuti timatumba tinasokonezeka ku labu. Nkhuku ndagula kale, ili pa chingwe kwa azakhali. Kugwada ndikagwada, mpaka maondo achite mabala ngati adada afuna. Ndikapepesa kuti ndinawabisila masiku atatu n'kuwaululila pagulu. Zimenezo zimandiwawa ndipo ndimalila nazo, chifukwa adada ndimawakonda.

Koma zoti timatumba tinasokonezeka, iyayi! Sitinasokonezeke. Tinayeza kawili, kachiwili ine nditaimilila pomwepo. Ndikanama choncho, maso onse abwelela kwa a Justina, nsawa zawo zitayidwa kunja, ndipo chaka chamawa mudzi wonse uwazanso madzi. Mukuti sukulu yandizunguza mutu. Akulu, ndinu munkandikwapula ndikajomba, lelo musadabwe kuti ndinamvela.

Mwanenanso kuti ndikakana musadzandionenso pakhomo panu, ndipo pa tsiku lolandila digili ndidzajambulitsa ndekha. Mawu amenewo anandilasa, sindinama. Chabwino, ndidzajambulitsa ndekha.

Lachisanu lathali amama anabwela kuno mozemba, ati akukagula mchele. Anandikumbatila pakati pa msika, tomato wa eni ake kutsala pang'ono kugubuduka. Kenako anatulutsa chitini cha nsinjilo, ati nditumize pa basi, za phala la Watipaso. Ndinawafunsa kuti asinja ziti. Anayang'ana pansi, ati zomwe zija zotsala posankha, nanga n'kutaya chakudya?

Sindinatumize. Ndinakakhuthulila kudzala amama akuona, ndipo analila. Inenso ndinalila, koma chitini ndinachigogoda mpaka kutha.

Nsinjilo zimene zabwela ndi kalatayi n'za nsawa za a Justina. Ulendo uno ndawapempha kaye, ndipo andilola kukuuzani. Kathumba kawo kanali koyela kuposa tonse makumi anayi. Alibe wowatungila madzi, ndiye amaswa zouma, okha, mwezi wathunthu, zala zawo zonse zili ming'alu. Ndakazinga ndi kusinja ndekha.

Ngati mkwiyo sukulolani kudya za m'manja mwanga, apatseni aneba. Koma ndikupemphani, akulu, chitini chakale chochokela kwathu chimene chili m'kabati yanu musachitsegulenso. Ine mundikane, Watipaso sanalakwe kanthu.

Loweluka likubwelali ndikwela minibasi ya ku Mwase ndi nkhuku yanga. Adada akandilandila, Mulungu atamandike. Akandibweza, ndibwela nayo kuno azakhali aphe.

Mundipatsile moni alamu, muwauze kuti phalalo asathile shuga wambili. Watipaso mumupsompsone pamphumi. Chiuta akusungeni nonse, ndipo akupatseni mtima wowelenga kalatayi kachiwili.

Ndine mlongo wanu wouma mutu uja,
Yunike