Mpopi wa bedi 14

Lamulungu, pa 15 Juni

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija likuti bwanji? Paja munati kukazizira limalimba ngati chitseko cha dzimbiri. Nanga amayi akugona bwino masiku ano? Mankhwala awo, mwa kuwerenga kwanga, atha pa 24 mwezi uno, choncho musadikire tsiku lomaliza. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kamene kakutha kale.

Msewu wopita kuntchito akuukumba kuyambira pa 12 Meyi, ndipo basi imene inkayenda mphindi 25 tsopano ikuyenda 50. Magalasi anga anathyoka mwendo umodzi, ndamanga ndi ulusi wakuda. Mwana wanu, Injiniya wathu uja, akuti ndisamakhale naye mpando umodzi m'basi mpaka nditagula ena.

Za mwana wanuyo ndi zimene ndalembera. Alamu anandiuza kuti kuyambira pa 8 Juni sakuyankha foni zanu. Sakudwala ayi, akudya ndipo akupita kuntchito. Chifukwa chake ndi chachitali, ndipo pafoni ine ndimaiwala pakati pa nkhani, n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Mukudziwa kuti pa nazale imene mwana wanuyo anandipezera ntchito pali nyumba zinayi za pulasitiki, iliyonse mabedi 6 a mbande. Yanga ndi yachitatu, bedi 13 mpaka 18. Kuyambira pa 3 Malichi sitithiriranso ndi manja. Bedi lililonse lili ndi mpopi wamagetsi umene umatsegulidwa ndi pulogalamu ya pakompyuta, ndipo analemba pulogalamuyo ndi mwana wanu. Mipopi yamanja inatsala ya tsiku lozima magetsi basi.

Anandifotokozera kalekale mmene zimayendera, tikusenda mbatata kukhitchini. M'kompyutamo anaikamo antchito osaoneka amene iwo amati maekita, koma si a zisudzo ayi. Bedi lililonse lili ndi ekita wake. Aliyense ali ndi kabokosi kake ka makalata. Amatenga kalata imodzi, kuchita zimene yanena, kenako n'kutenga ina. Sasuzumira m'kope la mnzake, ndipo akafuna kanthu kwa mnzakeyo amachita kumulembera. Palinso ekita wosunga nthawi, amene 6 koloko m'mawa amalembera aliyense kuti tsegula, pakatha mphindi 12 n'kulembanso kuti tseka. Ndinamuuza kuti antchito osasuzumira za anzawo padziko pano sindinawaone, ndiye anachita bwino kudzipangira.

Lachinayi pa 8 Meyi ndinafika 6:45 monga mwa nthawi zonse, n'kupeza mpopi wa bedi 14 ukuthirabe. Ndinadina batani lofiira la pakhoma, madzi n'kusiya. Ndinalemba m'kope langa. Zinachitikanso Lolemba pa 19, ndi Lachiwiri pa 27. Katatu konseko ndinatseka, ndinalemba, koma sindinauze munthu.

Mufunsa kuti bwanji. Achimwene, mwanayu anali pa miyezi 6 yoyesedwa, yotha pa 30 Juni. Ndinkaona mmene amakonzera kolala yake pagalasi m'mawa uliwonse. Ndinati mumtima, chala changa chilipo, batani lilipo, Juni akadutsa ndidzamuuza mwakachetechete. Sindinaganize za tsiku limene chala changa chidzakhale kunyumba.

Tsikulo linali Lamulungu pa 1 Juni. Lolemba ndinatsegula chitseko n'kuponda m'madzi ofika m'kakolo. Mpopi unali wotseka, koma bedi 14 linali dambo. Munali mathireyi 60 a tomato, lililonse mbande 200, zonse 12,000, zongotuluka kumene masamba awiri. Zambiri zinakokoloka, zina zinaola pofika Lachinayi. Tinapulumutsa mathireyi 9. Zotayika ndi 10,200, ndipo mlimi amene anaziitanitsa anali atakonza kale munda.

A manijala si munthu woipa, koma akakwiya amalankhula ndi kompyuta osati ndi iwe. Ananditembenuzira sikirini n'kundionetsa kuti bedi 14 linali lotseka tsiku lonse la Lamulungu, kupatula timphindi ta m'mawa. Anati makina sanama. Anati ine ndinasiya mpopi wamanja wotsegula Loweruka, ndipo popeza ndimafika woyamba, ndinautseka Lolemba anzanga asanaone. Anandipatsa kalata yoti ndikaonekere ku ofesi kukayankha mlandu pa 13 Juni, nati ndiyambe kuganiza kolowera mwezi ukatha. Kope linali m'thumba la epuloni yanga. Ndinaligwira kunja kwa nsalu, koma sindinalitulutse.

Masiku 6 ndinakhala chete. Ndinkati ine ndine wamkulu, ndikhoza kukachapa kapena kusesa kwina, koma mwana woyamba kumene ntchito akagwa, dzina limamutsatira. Ndinayamba ngakhale kupinda zovala zanga zina.

Chimene chinandigonjetsa mukaseka nacho. Lamulungu pa 8, titadya chamasana, mwana wanu anakhala pafupi nane n'kundigwira dzanja. Anati azakhali musadandaule, kuiwala n'kwa aliyense, msinkhu ukamapita zimachitika, ndipo iye akapempha a manijala andikhululukire. Achimwene, ine kuiwala? Ine amene munanditcha Akalaliki ndili ndi zaka 9 chifukwa cholemba tsiku limene nkhuku iliyonse yaikira? Kuchotsedwa ntchito ndinali nditavomera, koma kumveredwa chisoni ngati nkhalamba yoiwala mpopi kunandikanika. Ndinanyamuka, ndinakatenga kope, ndinaliika patebulo pake.

Anawerenga masiku atatu aja, n'kutsegula kompyuta yake. Anafufuza pafupifupi theka la ola. Kenako anandiitana kuti ndione, mawu ake ali otsika.

Pamwamba pa maekita a mabedi pali wina wowayang'anira, ngati kapitawo, amene iwo amati kholo lawo. Ekita akakumana ndi chinthu chomusokoneza amagwa, ndipo khololo limamudzutsa watsopano nthawi yomweyo, diso lisanaphethire. Akuti ndi mmene ziyenera kukhalira, kugwa si mlandu. Pa bedi 14 waya wa kachipangizo koyeza chinyezi anali wogwedera, ndipo nthawi zina ankatumiza kalata yopanda nambala. Ekita akailandira ankagwa. Anandionetsa mizere inayi: pa 8 Meyi 6:04, pa 19 Meyi 6:07, pa 27 Meyi 6:03, pa 1 Juni 6:05. Masiku anga atatu anali momwemo, osaphonya, ndi tsiku lachinayi limene ine kunalibe.

Vuto lenileni linali pa kudzukako. Ekita wa bedi ali ndi makhalidwe awiri. Akakhala pa khalidwe lodikira, mawu amene amamva ndi oti tsegula okha. Akatsegula amalowa khalidwe lothirira, ndipo m'menemo ndi mmene amamva oti tseka. Tsono akagwa ali pakati pothirira, ankadzuka ali pa khalidwe lodikira, osadziwa kuti anasiya madzi akuyenda. Kalata yoti tseka ikafika 6:12, ankaiona ngati si yake, n'kuiponya pa mulu wa makalata osowa mwini. Mwana wanu anatsegula muluwo, ndipo makalata anayi oti tseka anali pomwepo, palibe amene anawawerengapo. N'chifukwa chake sikirini inkati bedi ndi lotseka: inkangonena zimene ekita ankakhulupirira. Madzi anayenda kuyambira 6 koloko Lamulungu mpaka 6:12 Lolemba, pamene kuthirira kwa tsikulo kunatseka mpopi. Ndi maola 24 ndi mphindi 12.

Ndinkayembekezera kuti alira. M'malo mwake anandikalipira, mwaulemu koma ndinamva. Anafunsa kuti azakhali, inu mwakhala ndi zimenezi m'thumba mwezi wathunthu? Ndinati ndimakuteteza. Anati pa ntchito yawo wantchito woopsa si amene amagwa, koma amene amameza vuto n'kumaoneka ngati zonse zili bwino, chifukwa womuyang'anira sadziwa choti akonze. Anati ndikanamuuza pa 8 Meyi, ikanakhala ntchito ya ola limodzi ndi waya mmodzi. Anawonjeza kuti ndikanakhala ekita wake akanandilembanso kuyambira mzere woyamba. Ndinamukumbutsa kuti matewera ake ndinachapa ndine, achepetse liwiro. Tinaseka pang'ono, kenako analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Foni yanu inalira madzulo amenewo, ndinaimva, ndipo sanaiyankhe.

Ndinamupempha kuti akangonena za waya, popeza amene analumikiza waya si iye. Anakana. Anati waya adzagwederanso pena, koma amene anadzutsa wantchito osamuuza pamene anasiyira ndi iye. Lolemba pa 9 analowa yekha mu ofesi ya a manijala, kope langa kudzanja lina, kompyuta kudzanja lina. Anakhalamo mphindi 40. Ine ndinali panja ndikutsuka mathireyi otsukatsuka kale.

Masiku awiri otsatira anakonza zinthu zitatu. Tsopano ekita akadzuka, chinthu choyamba amatseka mpopi wake, kenako amawerenga pamene analemba zimene ankachita asanagwe. Kalata yosowa mwini siikhalanso chete pamulu, imaliza foni yake ndi ya a manijala. Ndipo kholo likadzutsa ekita yemweyo kawiri pa sabata, limaitana anthu, silingodzutsa mobisa.

Lachitatu pa 11 anandiitana kuti ndikhale woyesa. Anatsegula madzi pa bedi lopanda mbande, nati ndizule waya nthawi imene ndafuna, osamuchenjeza. Achimwene, moyo wanga wonse sindinawonongepo chinthu dala. Ndinazula kakhumi. Kakhumi konseko mpopi unatseka ndisanawerenge kufika pa 3, ndipo foni ya a manijala inalira m'thumba mwawo mpaka anati basi, amva, ndileke.

Pa 13 a manijala anatiitana tonse awiri. Kalata yanga ija anaitenga n'kuibweza m'dirowa, nati nkhani ya mpopi wamanja yatha. Kupepesa sanapepese, koma anandifunsa ngati chifuwa chikuchepa, ndipo kwa iwowo ndi kupepesa kumeneko. Sanandisiyenso osandidzudzula: anati wobisa matenda maliro amamuulula, ndipo maliro ake ndi mbande 10,200. Ndinavomera. Kope langa tsopano limapachikidwa pamsomali pafupi ndi chitseko, ndipo Lachisanu lililonse Injiniya aziliyerekeza ndi zolemba za kompyuta.

Mwana wanu sanachotsedwe. Koma kalata yomukhazikitsa pantchito siibwera pa 30 Juni. Amuwonjezera miyezi itatu yoyesedwa, mpaka pa 30 Sepitembala. Mlimi uja tamufesera zina pa 5 Juni, alandira mochedwa ndi masiku 17, ndipo mwana wanu anapita yekha kukamufotokozera.

Apa ndiye pagona nkhani. Iye akudziwa kuti munauza kale anthu kuti pa 30 Juni Injiniya akhazikika. Akudziwa zimene inu ndi alamu munadzimana kuti aphunzire. A manijala anawayang'ana m'maso, koma inu akukuopani pafoni. Dzulo anati adikira Sepitembala kuti adzakuuzeni zonse pamodzi zitakoma, ndipo pakadali pano azingolemba kuti watanganidwa. Ndinamufunsa kuti kodi si iye amene anandiphunzitsa za kumeza vuto? Anati zimenezo n'za makompyuta. Ndinamuuza kuti ndilembera bambo ake lero, kaya afune kaya asafune. Sanandiletse. Anangofunsa ngati ndili ndi envelopu, n'kundipatsa yake.

Pempho langa ndi limodzi. Mukawerenga kalatayi muimbireni, ndipo akapanda kuyankha muimbenso. Musayambe ndi funso la kalata ya pa 30 Juni, paja inu mumalowa nkhani ngati ng'ombe m'dimba. Musamupepesenso kwambiri, zimenezo ndaona mmene zimawawira. Mungomuuza kuti mwamva zonse, za waya, za mbande, ndi zoti analowa yekha mu ofesi kukachotsa mlandu pamutu pa azakhali ake. Anthu amene munawauza aja, muwauze tsiku latsopano, si lakutali. Nthawi yabwino ndi Lamulungu cha m'ma 3 koloko masana, amakhala atatha kuchapa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi ija ndafika pamkono wachiwiri. Moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa mng'ono wathu ndi amuna ake, ndi kwa asuweni amene anandilonjeza kalata chaka chatha pa 2 Disembala. Ndikudikirabe.

Kalatayi ndiiponya mawa, ndipo iyenera kukupezani pofika Lachisanu pa 20. M'kope langa, pa Lamulungu pa 22 Juni, ndalembapo kale kuti 3 koloko, foni ya bambo ake. Kutsogolo kwake ndasiya mpata woti ndidzachonge.

Ndine mlongo wanu,
Akalaliki