Kandulo ya Anamwino

Lolemba, 6 Epulo
Geti la kampu yathu ya othawa nkhondo latsekedwa chifukwa cha mliri wa korona. Maukwati onse aletsedwa. Nanga ine telala wa madiresi a akwatibwi ndisokera ndani? Makina osokerawa ndi a bungwe lotithandiza, anangondibwereka. Akuti makina ongokhala awatenga akapatse wina. Ndinathawa nkhondo ndi sizasi yokha m'chikwama, ndadzidyetsa ndekha zaka zitatu. Kubwereranso pamzere wa chakudya, thumba m'manja? Ayi ndithu.

Lachinayi, 9 Epulo
Mulungu ngwabwino! A bungwe akufuna mamasiki. Telala aliyense asoke asanu, anamwino akawayese. Wokhoza, makina sachoka. Ndatulutsa zotsala za velo ndi lesi. Timaluwa m'mbali, timikanda pakati. Mwana wanga kuseka: "Amayi, koronayo akubwera kudzakufunsirani?" Pakamwa ngati malemu bambo ake.

Lachiwiri, 14 Epulo
Manyazi! Anamwino ayatsa kandulo patebulo, akuti ndivale masiki yanga ndiuzire. Phuu, yazima. Kasanu konse. "Zokongola, mayi, koma mpweya ukudutsa ngati pazenera." Aneba, aja amasoka mayunifomu okhota makolala, atavala masiki yawo lawi silinagwedere n'komwe. Iwowo! Mtima kuwawa. Andipatsa mpaka Lachisanu. Ndikalephera, makina apita kwa mng'ono wawo wa aneba omwewo, amene wakhala akudikira chaka chonse.

Lachitatu, 15 Epulo
Dzulo sindinadye. M'mawa uno kaphukusi pakhomo. Nsalu ya thonje yolukidwa mothinana, ndi masiki imodzi yophwasulidwa mbali kuti ndione mkati. Nsalu zitatu zosanjikiza, singano yadutsa m'mphepete mokha. Ine ndinali kuboola pakati penipeni posokerera mikanda, kupusa kwake! Aneba, eni kaphukusiko, angofuula ali pakhomo pawo: "Mikandayo sungirani akwatibwi, anzanga, mliri udzatha."
Ine amene ndakhala ndikuseka makolala awo kumjigo. Mng'ono wawo amuuza chiyani? Ndasoka tsiku lonse.

Lachisanu, 17 Epulo
Kandulo yayatsidwa. Ndauzira pang'ono, mwakuba. Anamwino andigwira: "Osanyenga, mayi, uzirani ngati mukukoleza moto." Ndauzira mpaka misozi, mpaka makutu kulira. Lawi lili njo! Kasanu konse.
Makina sakuchoka. Mamasiki mazana awiri pa sabata, ochuluka moti mng'ono wa aneba azindidulira nsalu, tizigawana malipiro. Ndanena ndekha pamaso pa a bungwe, asanandifunse.
Pobwera ndaima pakhomo pa aneba, patali monga mwa lamulo. Kukumbatirana nkoletsedwa, ngakhale kugwirana chanza. Ndangogwada pafumbi, ineyo, anthu akuona.
"Iii, dzukani, mudetsa diresi. Pitani mukasoke."
Ndadzuka. Koma makolala awo aja ndiwawongolera, afune asafune.