Chithunzi Chotsiriza cha Nyumba ya Anaphiri

Lachitatu, 13 Julayi 1955. Kunazizira, koma tsiku landikomera.

Ndinapalasa njinga kutsetsereka njira ya ku Matope kuti ndikajambule sitolo yakale ija denga lisanagwe. Mu kamera munatsala malo a chithunzi chimodzi chokha. Ndikusankha poima, anandipeza mayi wina wamasiye, Anaphiri.

"Aphunzitsi, mukujambula nyumba yopanda mwini? Yathu aigwetsa mawa. Eni ake tinaika mwezi watha."

Mwambo ndi womwewo, mwini akafa nyumba imatsatira. Sitolo ingathe kudikira, yakhala ikugwa kwa zaka zambiri popanda changu. Ndinawatsata. Anayamba asesa pakhomo, n'kutsamiritsa khasu la amuna awo kukhoma, koma iwo eni anakana kuima nawo pachithunzipo.

Nditawauza kuti filimuyo akaitsukira ku Blantyre, anandilangiza kuti:

"Mukawauze asatsuke kwambiri. Nyumbayi ndi ya dothi."

Ndikuthokoza Mulungu kuti sindinaseke. Chiyambire kujambula, palibe anandikhulupirira chotere. Tsopano nkhawa yasamukira kwa ine. Dzuwa linali kuseri kwa nyumba, ndipo chithunzicho chikakana kutuluka, kobwerezera kulibe.